Mabuku a Pansanja ya Moto ku Luwawa

Evance Kalebe anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina pa Boma la Mzimba, ndipo anali ndi matenda aja ogwira anthu ophunzira akatumizidwa kutali ndi kwawo: ankafuna dzina lake limveke. Kwawo kunali ku Ntcheu. Anali atakhala kumpoto zaka zisanu ndi chimodzi, koma Chitumbuka anangotolapo "yewo" yekha, ndipo naye "yewo" wakeyo ankatuluka ngati munthu akutsokomola.

Uku akuphunzitsa, ankachitanso digiri yachiwiri, ndipo ichi chinali chaka chake chomaliza. Kalata ya ku yunivesite sinapite m'mbali. Inati akapanda kupereka kafukufuku wake pofika kumapeto kwa Okutobala, dzina lake lifufutidwa. Zaka zitatu za thukuta zikanapita pachabe, iye n'kubwerera ku choko chake manja ali m'thumba.

Masamu amene Evance ankachita si awa owerengera mbuzi ayi. Amatchedwa masamu a makategori. Ukamufunsa kuti n'chiyani chimenecho, ankayamba wavula magalasi.

"Ife sitifunsa kuti chinthu n'chiyani," ankatero. "Timafunsa kuti chimalumikizana bwanji ndi zinzake. Timajambula zinthu, n'kujambula mivi yochoka pa ichi kupita pa icho. Muvi wochoka pa choyamba kupita pa chachiwiri ukaulumikiza ndi wochoka pa chachiwiri kupita pa chachitatu, wapeza muvi wochoka pa choyamba kukafika pa chachitatu."

Mkazi wake Scholastica, amene anali namwino, anamvetsera zimenezi kamodzi uku akusita yunifolomu.

"Ndiye kuti mukakwera minibasi ya ku Jenda, pa Jenda n'kukwera ya ku Kasungu, mwafika ku Kasungu," anatero. "Zimenezi mpaka digiri, bambo a kunyumba?"

Vuto la Evance linali lakuti masamu akewo analibe powagwiritsa. Anali ngati munthu wanola nkhwangwa zaka ziwiri kudera kopanda mtengo. Mtengowo unabwera m'mwezi wa Meyi, m'manja mwa Kingstone, mnansi wawo woyendetsa lole ya matabwa. Kingstone anali komweko pamene anthu ankagwetsa nsanja yakale yolonderapo moto m'nkhalango ya paini ku Luwawa, ndipo m'denga la nsanjayo anapezamo chitini chadzimbiri. Ankayembekeza zabwino, koma atatsegula anapezamo mabuku anayi opanda zikuto, oderako ndi utsi, omatika ndi utomoni wa paini, m'mbali mwake modyedwa ndi njenjete. Anawabweretsa kwa aphunzitsi chifukwa mapepala ndi a aphunzitsi.

M'mabukumo munalibe chilembo ngakhale chimodzi chimene Evance ankachidziwa. Munali tizizindikiro, tina tozungulira, tina tokhota, tina ngati mano a sowo, ndipo pakati pa tizizindikirotu panali mivi. Mivi yambirimbiri, mzere ndi mzere, tsamba ndi tsamba. Evance anakhala pansi pakhonde. Tsiku lomwelo lisanathe anali atagamula kale kuti awa ndi malemba akale a Angoni, amene anabwera nawo kuchokera kumwera, ndipo palibe mzungu kapena Mmalawi anawaonapo.

Scholastica anasuzumira n'kunena kuti mapepalawo ali ndi mizere yabuluu ngati makope a kusukulu. Evance anayankha kuti n'zoonekeratu, wina anachita kukopera kuchokera pa zikopa. Munthu akafuna kukhulupirira chinthu sasowa chifukwa.

Miyezi isanu inatha Evance ali chiweramire. Anajambula masamba onse ndi foni, chizindikiro chilichonse anachipatsa nambala, muvi uliwonse anaulowetsa mu laputopu, n'kulemba pulogalamu yofufuza mmene miviyo imalumikizirana. Pakhomo anasanduka mlendo. Scholastica anasiya kudya usipa, Evance sanafunse. Anakasoketsa yunifolomu yatsopano, Evance anangoti "yakukhalani" maso ali pa kompyuta.

Koma tisamunyoze kwambiri, chifukwa kompyutayo inatulutsadi zinthu. Inapeza kuti zizindikiro zonse zilipo zisanu ndi zitatu zokha. Inapeza kuti mzere uliwonse umayambira pa kachizindikiro kozungulira kokhala ndi dontho pakati, n'kudzatheranso pomwepo. Evance anati ameneyo ndi Mulungu, chiyambi ndi mapeto. Nthawi zina kozungulirako kankakhala kokha pamzere, ndi kamuvi kopindika kochoka pa iko n'kubwerera pa iko komwe. Kamuvi kotere m'masamu a makategori ndi kofunika kwambiri, ndipo atakaona Evance anavina yekha m'chipinda.

Panalinso chidontho chakuda bii, cholembedwa mokanikiza mpaka pepala kubooka, chobwera pa mzere wachisanu ndi chiwiri uliwonse m'buku lachiwiri lonse, kenako n'kuzimiririka. Muvi unkalowa pamenepo, wina n'kutuluka, koma kompyuta inalephera kuona chochitika pakati. Evance anati limenelo ndi dziko la mizimu. M'buku lachitatu munali masamba khumi ndi awiri momwe mivi inkazungulira pa zizindikiro zitatu, kupita, kubwerera, kupitanso, mokongola ngati gule. Imeneyo anati ndi ndakatulo. Pomaliza, mzere wotsiriza wa buku lachinayi unali wokhawo wosabwerera pa kozungulira kaja. Apa Evance analemba molimba mtima kuti payenera kukhala buku lachisanu.

Anatumiza zonse kwa womuyang'anira pa kafukufuku, Dokotala Karen Nyirenda. Patatha masiku atatu mayiyo anaimba foni.

"Masamu anu ndi abwino, a Kalebe," anatero. "Koma mutu wanuwu wa malemba akale a Angoni, umboni wake uli kuti? Mabukuwa anali a ndani? Munafunsapo munthu ku Luwawako?"

Evance anali asanapondeko ku Luwawa.

"Pitani mukafunse. Popanda zimenezo sindisaina, ndipo mwatsala ndi milungu iwiri."

Loweruka m'mawa anakwera lole ya Kingstone, chitini pamiyendo, laputopu kumsana. Msewu wa ku Luwawa unamugwedeza mpaka anaiwala theka la zimene anakonza kukanena. Atafika, madoda awiri ogwira ntchito m'nkhalango anangoyang'ana chitinicho n'kunena kuti nsanja ija inali ya a Jones, bambo wa ku Thyolo amene analondera pamenepo zaka makumi awiri. A Jones anamwalira, koma akazi awo, a NyaShaba, alipo m'mudzi wa kumunsi kwa phiri. Evance anadzilimbitsa mtima kuti mwina a Joneswo anali msungi chabe wa mabuku opatulika.

Anawapeza a NyaShaba pakhonde akusankha mbatata ya kachewere, mayi wamfupi wa imvi, mwendo umodzi atautambasula. Chichewa ankayankhula bwino, cha kubanja, chothira mchere wa Chitumbuka. Atapatsana moni, Evance anaika chitini pansi. Mayiwo anachiyang'ana, anayang'ana Evance, kukamwa kwawo n'kuyamba kunjenjemera.

"Asambizgi, ichi mwachitenga kuti?" anafunsa, akumutchula kuti aphunzitsi m'Chitumbuka.

Evance anafotokoza. Atafika pa mawu akuti malemba akale a Angoni, a NyaShaba anagwira pakamwa ndi chitenje.

"Pitirizani," anatero. "Ndiuzeni zimene makina anuwo awerengamo. Ndikufuna ndimve chomene."

Evance anatsegula laputopu, anavula magalasi, n'kuloza kozungulira ka dontho pakati.

"Ichi, amama, mzere uliwonse umayambira pa icho n'kuthera pa icho. Ndikukhulupirira kuti ndi Mulungu."

Apa mayiwo analephera kudzigwira. Anaseka mpaka mbatata zinagubuduka kutsika pakhonde, nkhuku n'kuthawa.

"Chiuta?" anatero akupukuta misozi. "Imeneyo ndi nyumba ino, asambizgi. Mwakhala pakhonde pa Chiuta wanuyo."

Anakoka buku limodzi n'kuyamba kuloza ndi chala chadothi. Chokhotachi ndi mjigo. Cha mano a sowochi ndi chigayo. Ichi ndi dimba, ichi ndi tchalitchi, ichi ndi kwa amayi awo, ichi ndi golosale ya pamphambano. Ankawerenga mofulumira ngati munthu akuwerenga nyuzi ya dzulo, ndipo Evance ankamva ngati wina akumuvula malaya limodzilimodzi pamsika.

Nkhani yake inali yotere. A Jones sanapondeko m'kalasi. Atawalemba ntchito ya pansanja anawapatsa magalasi oonera patali ndi kope lolembamo moto ukabuka. Kulemba sankadziwa, ndipo ankachita manyazi kunena. Koma atakwera pamwamba anapeza kuti magalasiwo amaonetsa mudzi wonse, ndipo m'mudzimo munali mkazi wawo watsopano, wokongola, mwana wa kuno, pamene iwo anali obwera. Nsanje inawapatsa alifabeti yawoyawo. Mzere uliwonse linali tsiku limodzi, ndipo muvi uliwonse unali ulendo wa a NyaShaba.

"Nanga moto ankauona?" anafunsa Kingstone, amene anali atatsamira chipilala akumva kukoma.

"Ankauona, adada. Ukayamba kuwotcha makwerero."

Evance anatsegula buku lachiwiri pa chidontho chakuda chija. Liwu lake linali litachepa.

"Ichi ndinati ndi dziko la mizimu."

"Mbwenu simunalakwe kwambiri," anatero mayiwo. "Kumeneko ndi kuseri kwa kaphiri ako. Magalasi sankafikako. Lachiwiri lililonse ndinkapita kumeneko, iwo n'kumandiona ndikulowa kuseri, patapita maola awiri n'kutuluka. Onani mmene ankakanikizira bolopeni, mtima ukuwawa. Akabwera kunyumba osadya. Koma kufunsa ayi. Mwamuna wa ku Thyolo afunse mkazi kumene wapita? Amati ndi kudzichepetsa."

"Nanga munkapita kuti?"

"Ku sukulu ya kwacha."

Mayiwo anasisita bondo.

"Ine ndinkaona munthu akubwera ndi kope m'thumba la jekete, n'kulibisa pansi pa mphasa. Ndinati ameneyu akulembera mkazi wina kwawo ku Thyolo. Nanenso kufunsa ayi. Ndinati ndiphunzire kuwerenga ndimugwire ndekha. Zaka ziwiri, asambizgi, ndikuimba a e i o u pamodzi ndi agogo opanda mano. Tsiku limene anandipatsa satifiketi ndinathamanga kudzavundukula mphasa. Ndikatsegule, mulibe ngakhale a mmodzi. Ndinalira chomene tsiku limenelo."

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma apa phulalo anagawana awiri, ndipo wachitatu anali atakhala pakhondepo ndi laputopu. Evance anafunsa kuti nanga anadziwa bwanji kuwerenga zizindikirozo.

"Ndinaona kuti chokhota ichi chikuchuluka, ndiye ndinakayikira. M'mawa mwake ndinapita ku mjigo kasanu, madzi ali tho m'nyumba. Madzulo ndikasuzumire, mivi isanu. Tsiku linalo ndinadzitsekera m'nyumba osatuluka. Ndikasuzumire, kamuvi kopindika aka kobwerera pomwepo. Mbwenu ndadziwa."

"Ine zinanditengera miyezi isanu ndi kompyuta," anatero Evance mwakachetechete.

"Ine masiku awiri ndi ndowa."

Za ndakatulo ija Evance sanafune n'kufunsa komwe, koma Kingstone anamufunsira. A NyaShaba anaombera m'manja. Anati atadziwa kuti munthu akumulondera ngati nkhalango, anaganiza zomupatsa ntchito yeniyeni. Kwa miyezi itatu ankachoka panyumba kupita ku mjigo wopanda ndowa, ku chigayo wopanda chimanga, ku dimba wopanda khasu, kubwerera ku chigayo, kubwereranso ku mjigo, mpaka dzuwa kupendeka. Anthu a m'mudzi anati agwidwa ndi mizimu ya vimbuza. A Jones anaonda, mabolopeni atatu anatha. Pamapeto pake anayamba kusiya kopelo patebulo lili chitsegulire, ndipo a NyaShaba anasiya kuzungulira. Pakamwa sanakambiranepo za nkhaniyi mpaka imfa.

Kingstone anaseka mpaka kukhala pansi, koma Evance sanaseke. Ankaona Okutobala akutha, dzina lake likufufutidwa, aphunzitsi anzake m'chipinda chawo akumufunsa za Angoni ake. Anachita manyazi, ndiponso chisoni chinamugwira, chifukwa malemba akalewo anali atawakonda ndi mtima wonse. Anayamba kulongedza mabuku m'chitini. Atagwira lachinayi anaima.

"Amama, lachisanu lili kuti?"

Kuseka kunatha pankhope ya mayiwo.

"Wakuuzani ndani kuti liliko?"

"Palibe. Mzere womalizawu sukubwerera kunyumba. Mizere ina yonse imabwerera."

A NyaShaba anayang'ana muviwo nthawi yaitali. Unkachoka pa nyumba kupita ku dimba n'kuthera pomwepo. Anadzuka movutikira, akukoka mwendo uja, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi kope lokulungidwa m'mpango woyera.

"Tsiku limenelo ndinagwera m'chitsime cha kudimba, mwendo uwu n'kuthyoka pawiri," anatero. "Palibe anandiona, koma iwo pamwamba paja. Anatsika makwerero ngati nyani, kope n'kulisiya komweko. Nditabwera kuchipatala ndinagona m'nyumba muno miyezi iwiri. Ili ndi limene anayamba nthawi imeneyo."

Evance anatsegula. Mzere woyamba, nyumba ndi kamuvi kopindika. Wachiwiri chimodzimodzi. Tsamba lonse, ndi lotsatira lake, nyumba ndi kamuvi kobwerera pomwepo, masiku makumi asanu ndi anayi, munthu ali pamwamba akuyang'ana chitseko chosatseguka. Kenako pa mzere womaliza panali chizindikiro chatsopano, chachisanu ndi chinayi, chimene kompyuta inali isanachionepo: mizere iwiri yoimirira ndi timizere topingasa. Kuchokera pamenepo muvi umodzi wautali unkapita pa nyumba. Masamba ena onse anali oyera.

"Imeneyo ndi nsanja," anatero a NyaShaba. "Anatsika masana dzuwa lili pamutu, n'kukapempha kuti awasinthire ku nazale ya mbande apa pafupi. Sanakwerenso. Zaka makumi awiri ankalemba kumene ndapita ine. Tsiku limenelo analemba kumene apita iwo."

Kingstone anayamba kutola mbatata zija n'kumazibwezera m'lichero.

Patapita kanthawi Evance anapempha ngati angalembe zonsezi mmene zilili, popanda Angoni. Mayiwo anati alembe, a Jones manyazi anawasiya kuno. Koma anaika lamulo limodzi.

"Dzina langa likhale pamwamba, chifukwa woyamba kuwerenga ndine. Lyness Shaba. Mulilembe ndi zilembo zenizeni, ndidzaliwerenge ndekha. Sukulu ija isapite pachabe."

Pobwerera, lole itafika pamene foni imagwira, Evance anaimbira Dokotala Nyirenda n'kuulula zonse ngati munthu wolapa. Anadikira chigamulo maso atatseka. Mayiyo anaseka kaye nthawi yaitali ndithu, kenako anafunsa kuti pa zimene kompyuta inapeza, zingati zinali zolakwika. Evance anawerenga pa zala. Zizindikiro zisanu ndi zitatu, zoona. Poyambira ndi pothera, zoona. Mzere wachisanu ndi chiwiri, zoona. Buku lachisanu, zoona. Zolakwika zinali zokhazo zimene anawonjezera yekha ndi mutu wake.

"Ndiye mukulira chiyani?" anatero Dokotala Nyirenda. "Anzanu amafufuza malemba amene eni ake anafa kalekale, palibe wowauza ngati alondola. Inu mwapeza mwini wake ali moyo, ndipo wakuchongerani. Chotsani Mulungu ndi mizimu, sinthani mutu, mubweretse ndisaine."

Anafika pa Boma dzuwa likadalipo, fumbi mpaka m'makutu, mtima uli m'malo. Anapeza Scholastica atakhala pampando pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi. Anamufotokozera zonse, akuchita kuyerekeza mmene a Jones ankakanikizira bolopeni, ndipo pomaliza anapukusa mutu.

"Tangoganizani, mayi a kunyumba. Munthu kukhala ndi mkazi nyumba imodzi osadziwa kumene amapita Lachiwiri!"

Scholastica anamuyang'ana.

"Nanga ine Lachiwiri ndimapita kuti?"

"Kuntchito," anatero Evance.

"Lachiwiri ndimapuma. Chiyambire Julayi."

Evance anavala magalasi. Anayang'ana mapazi otupa m'beseni, anayang'ana yunifolomu yatsopano ija pachingwe, yaikulu kuposa zinzake, kenako anayang'ana mkazi wake bwinobwino kwa nthawi yoyamba chichokere Meyi.

"Ku sikelo," anatero Scholastica. "Miyezi isanu tsopano. A Jones aja ndi abwino, iwo ankayang'anako."

Kafukufuku anapita kutatsala masiku anayi, dzina la Lyness Shaba lili pa tsamba loyamba. Koma Lachiwiri la mlungu umenewo, ntchito ikadali yambiri, anthu a pa Boma anaona aphunzitsi a masamu akuyenda pang'onopang'ono kulowera ku chipatala, atanyamula kachikwama ka akazi awo. Laputopu anali ataisiya patebulo, yotseka.